MLENDO ADZA NDI KALUMO KAKUTHWA, KOMA OMETA NDI ENI MUDZI

Munthu wa kumudzi akapita ku tauni, kaya ku Lusaka, ku Ndola kapena ku Kitwe, amaona zizindikiro ziwiri zimene ambiri a ife timangozipitirira osafunsa. Cina ciri ndi mitu iwiri ya mikango yofulatirana, pakati pake pali lemba la L. Cinaco ndi gudumu la mano-mano longa la m'makina a cigayo. Zizindikirozi zimapezeka pa cipupa ca cipatala, pa kanyumba kodikiriramo basi, pa citsime, ndipo nthawi zina pa njinga ya munthu wolemala. Eni ake ndi makalabu awiri othandiza anthu, ya Lions ndi ya Rotary.

Ena amaganiza kuti makalabuwa ndi zipani za ndale, ena amati ndi machalichi a anthu olemera, ndipo enanso amanong'ona kuti ndi magulu a cinsinsi. Zonsezi si zoona ai. Ndi magulu a anthu a m'tauni imodzi, monga amalonda, aphunzitsi, madokotala, maloya ndi anchito a m'maofesi, amene anapangana kuti azikumana nthawi ndi nthawi ndi kucitapo kanthu pa mabvuto a kwao popanda malipiro. Malamulo a Lions amaletsa ndithu kukangana za zipani kapena za mipingo pa msonkhano. Makalabu onse awiri anabadwira mu mzinda wa Chicago ku America. Ya Rotary anaiyambitsa ndi loya wina, Paul Harris, mu 1905, ndipo ya Lions anaiyambitsa ndi Melvin Jones, munthu wa nchito ya inshuwalansi, mu 1917.

Koma cimene tifuna kukambapo lero si mbiri yao yonse. Tifuna kukamba za mwambo wao umodzi umene ngakhale kalabu ya amai yokumana pansi pa mtengo wa mango ingathe kuutengera, ndiwo mwambo woitana mlendo kuti adzalankhule pa msonkhano.

Mwambo wakale wa a Rotary ndi kukumana kamodzi pa mlungu, pamene a Lions amakumana kamodzi kapena kawiri pa mwezi. Amakumana m'hotela kapena m'holo, kawirikawiri pa nthawi ya cakudya, ndipo aliyense amalipira yekha mbale yake. Wapampando amaliza kabelu, mlembi amawerenga zimene anapangana pa msonkhano wapita, msungicuma nayenso amanena za m'thumba. Kwa a Lions kuli munthu wina amene udindo wake ndi kuseketsa anzake ndi kuwalipiritsa tindalama. Wofika mocedwa alipira, woiwala kubvala kabaji ka kalabu alipira, ngakhale amene mwana wake wakhoza mayeso angauzidwe kuti alipire cifukwa ca cimwemwe cakeco. Pa Cingelezi munthuyu amamucha Tail Twister, ndiko kunena wopotokola mcira, popeza mkango uli ndi mcira. Tindalamato timalowa m'thumba la kalabu.

Zikatha izi membala mmodzi amaimirira nachula dzina la mlendo ndi nchito yake. Mlendoyo angakhale namwino, mkulu wa sukulu, wapolisi woyang'anira za pamseu, mlangizi wa zaulimi, kapena mai wosunga ana amasiye. Amampatsa mphindi 20 kapena 30. Akatha, mamembala amafunsa mafunso, wina amapereka mau othokoza, ndipo mlendoyo amabwerera kwao osalandira malipiro, koma cakudya cokha ndi kamphatso kakang'ono.

Nanga abvutikiranji kuitana munthu wakunja? Cifukwa cake ndi cakuti mwini sitolo adziwa mtengo wa shuga ndi sopo, koma sadziwa kuti m'cipinda ca ana ku cipatala muli mabedi angati ndi mabulangete angati. Loya adziwa za ku khoti, koma sadziwa kuti ana a sukulu ya kutsidya la mtsinje amaleka kuphunzira mvula ikayamba. Anthu otere ali ndi ndalama pang'ono, ali ndi galimoto, adziwana ndi akuluakulu a m'maofesi, koma maso ao saona kutali ndi mseu wa tala. Mlendo ndiye amawabwereka maso. Makolo athu anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pamenepa ananena zoona. Koma makolo omwewo anatinso mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Belu likalira kaciwiri iye wapita, ndipo otsala ndi nkhaniyo ndi mamembala.

Mai wosaona ndi wosamva

Pa alendo onse amene analankhulapo kwa a Lions, palibe amene mau ake anabala zipatso monga a mai wina wa ku America dzina lake Helen Keller. Maiyu anabadwa mu 1880 m'katauni ka Tuscumbia, ku Alabama. Ali ndi miyezi 19 anadwala matenda amene anamsiya wosaona ndiponso wosamva. Taganizani inu amene muli ndi mwana wa msinkhu umenewo. Sangakuoneni, sangamve mukamuitana, ndipo sadziwa kuti zinthu ziri ndi maina. Anakula wolusa, womenya anthu ndi kuswa mbale, kufikira mu 1887 pamene makolo ake anampezera mphunzitsi, mtsikana wochedwa Anne Sullivan, amenenso maso ake anali obvuta. Mphunzitsiyu anayamba kulemba malemba ndi zala m'dzanja la mwanayo. Tsiku lina ali pa mpope, madzi alikuthira pa dzanja limodzi, iye analemba liu lakuti madzi m'dzanja linalo, ndipo mwanayo anazindikira kuti cimene alikumva pakhungu ciri ndi dzina. Kuyambira pamenepo sanabwererenso m'mbuyo. Mu 1904 anatsiriza maphunzira apamwamba pa koleji ya Radcliffe.

Pa 30 Juni 1925, ali ndi zaka 45, maiyu anaimirira pamaso pa nthumwi za makalabu a Lions pa msonkhano wao waukulu ku Cedar Point, m'cigawo ca Ohio. Mphunzitsi wake uja anali pambali pake, popeza kalankhulidwe ka munthu amene sanamvepo liu la mnzake kamakhala kobvuta kumva. Mau ake anali ocepa, okwana pa tsamba limodzi kapena awiri. Anadziyerekeza ndi mwai umene wafika pakhomo nugogoda. Anawapempha kuti aliyense aganize mmene angakhalire atacita khungu mwadzidzidzi, nchito yake itatha, masana atasanduka usiku, ndi mmene angakondwere wina atamgwira dzanja. Kenaka anawafunsa ngati sangabvomere kukhala ankhondo omenyera anthu akhungu polimbana ndi mdima.

Nthawi imeneyo gulu la Lions linali ndi zaka 8 cabe, ndipo kalabu iriyonse inali kucita zimene yaganiza. Nthumwi zija zinabvomereza kuti nchito ya maso ikhale nchito yao yaikulu. Maiyo sanamve kuomba m'manja kwao, sanaonenso nkhope zao. Anamwalira mu 1968. Asanamwalire anayenda m'maiko ambiri, ndipo mu 1951 anafika ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia, kumene tsopano tikuti Zimbabwe. Codabwitsa ndi cakuti gulu limene linapatsidwa nchito yake ndi munthu wamkazi linadikira kufikira 1987, patapita zaka 62, kuti litsegule khomo lakuti akazi akhale mamembala enieni. A Rotary anatsegula lao mu 1989, khoti lalikulu la ku America litaweruza mlandu wa nkhaniyi mu 1987.

Ngati a Lions akadangoomba m'manja nabwerera kwao, dzina la Cedar Point likadaiwalika. Cimene cinapatsa mau aja mphamvu ndi zimene anthu wamba anacita m'makalabu ao ang'onoang'ono. Mu 1930 George Bonham, wapampando wa kalabu ya ku Peoria, ataona munthu wosaona alikubvutika kudutsa mseu ndi ndodo yakuda imene oyendetsa galimoto sanali kuiona, anaganiza zopaka ndodo utoto woyera ndi kamzere kofiira. Kalabu yake inapanga ndodozo nizigawa, ndipo akonsolo a mzindawo anaika lamulo lakuti galimoto ziziimira munthu wa ndodo yoyera. Ku England ndi ku France kunalinso anthu ena amene anaganiza comweci pa zaka zomwezo, koma ku America a Lions ndiwo anaufalitsa mcitidwewu. Lero ndodo yoyera idziwika pa dziko lonse, ndi kwathu kuno komwe. Mu 1939 a Lions a ku Detroit anayambitsa sukulu yophunzitsa agalu kutsogolera anthu osaona. Makalabu ena anayamba kusonkhanitsa magalasi a maso akale, kuwayeza mphamvu yake ndi kuwatumiza kwa osowa. Mu 1990 gulu lonse linayambitsa thumba lochedwa SightFirst, limene lalipirira maopareshoni a maso mamiliyoni, kuphunzitsa anchito a zaumoyo ndi kumanga zipatala. Anzathu a ku Malawi ali ndi zipatala za maso za dzina la Lions ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo kuno ku Zambia bungwe la Lions Aid Zambia lagwira nchito za maso makamaka ku cigawo ca kumadzulo.

Onani kuti Helen Keller sananene za ndodo, sananene za agalu, sananene za magalasi akale. Izi anaganiza ndi mamembala okha, aliyense poyang'ana cimene cinali pakhomo pake.

Nkhani ya maso kwathu kuno

Ife a kum'mawa nkhani ya anthu osaona si yacilendo. Sukulu yoyamba ya ana osaona m'dziko lino inayambira kwathu, pa mishoni ya Magwero pafupi ndi Chipata, mu 1905, caka comwe Rotary inabadwa. Anaiyamba ndi mai Issie Hofmeyr a mpingo wa Dutch Reformed, ndipo iwo atamwalira nchitoyo anaipitiriza ndi mai Ella Botes. Pambuyo pake panatsegulidwanso sukulu ya ana osamva pamalo pomwepo. Motero pamene Helen Keller anali kulankhula ku Ohio, panali patapita kale zaka 20 ciyambire maphunziro a ana osaona kwathu kuno.

Koma cimene dokotala wa maso angauze kalabu iriyonse, ya m'tauni kapena ya kumudzi, ndi cakuti khungu lambiri limene tiri nalo ndi lopeweka kapena locizika. Loyamba ndi ng'ala. M'kati mwa diso muli kagalasi koyera mbee kamene kuwala kumapyolamo. Munthu akamakalamba, kapena akadwala matenda a shuga, kapena diso likabvulala, kagalasiko kamacita mtambo. Poyamba munthu aona ngati kuli nkhungu, kenaka sazindikira nkhope, potsiriza angosiyanitsa usana ndi usiku. Ng'ala ndiyo imacititsa khungu anthu ambiri koposa pa dziko lonse. Sicizika ndi mankhwala odontheza, koma opareshoni yake ndi yaifupi, kawirikawiri yosafika theka la ola. Munthu samgoneka tulo, amangomcititsa dzanzi pa diso. Amacotsa kagalasi kakufako naikamo kena kopanga, ndipo ambiri m'mawa mwake akamasulidwa nsalu amaona. Ku cipatala ca Mwami ca mpingo wa Adventist, kufupi ndi Chipata, nchito ya maso yakhala ikucitika kwa zaka zambiri. Komabe m'midzi yathu muli agogo amene akhala m'khonde zaka zisanu, mdzukulu ataleka sukulu kuti aziwatsogolera ku cimbudzi, cifukwa anauzidwa kuti khungu ndi ukalamba, kapena kuti anawalodza, kapena kuti ku cipatala amakolowola diso nkuikamo la mbuzi.

Laciwiri ndi matenda ochedwa trachoma. Kacirombo kake kamayenda pa zala, pa nsalu yopukutira kumaso, ndi pa nchenche zimene zimatera pa maso a ana a manthongo. Mwana akadwala kawirikawiri, m'kati mwa cikope mumacita zipsera. Akakula cikope cimapindikira m'kati, nsidze zimayamba kukanda diso nthawi iriyonse akaphethira, mpaka diso licita cipsera coyera cimene sicicokanso. Amai ndiwo amacita khungu lotere kuposa abambo, popeza ndiwo amakhala ndi ana tsiku lonse. Mankhwala ake alipo, opareshoni yowongola cikope iriponso, koma zida zazikulu ziri m'manja mwa mudzi: kusambitsa ana kumaso ndi madzi oyera, ndi kukhala ndi zimbudzi kuti nchenche zisowe poswanirana. Mu 2022 bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi yathetsa trachoma monga bvuto la mtundu. Anthu ake ndi abale athu, cilankhulo cimodzi, nsima imodzi, nchenche zomwezi.

Ndipo pali cimodzi cimene anchito a maso amadandaula naco kosaleka, ndico kuthira m'maso madzi a masamba, a fodya, mkodzo kapena mkaka wa m'mawere diso likafiira. Diso limene likadacira ndi kabotolo kamodzi ka ku kiliniki limafika ku cipatala litaphulika.

Zonsezi munthu angazinene m'mphindi 20. Koma kunena sikucotsa ng'ala. Pafunika wina woyenda khomo ndi khomo kulemba maina a nkhalamba zosaona, wina wokapangana ndi a cipatala za tsiku, wina wopereka galimoto, wina wogula mafuta, ndi wina wokhala pansi ndi agogo kuwacotsa mantha. Imeneyi ndiyo nchito ya mamembala, ndipo siioneka kawirikawiri pa cithunzi ca m'nyuzipepala.

A Rotary naonso ali ndi nkhani yao yofanana. Nchito yoyamba imene kalabu ya ku Chicago inagwirira mzinda wao mu 1907 inali yolimbikitsa kumanga zimbudzi za anthu onse, ndipo sanacite nayo manyazi. Mu 1979 anayamba kupereka katemera wa poliyo kwa ana 6 miliyoni ku Philippines, ndipo mu 1985 analonjeza kulimbana ndi matendawa pa dziko lonse. Mu 1988, pamene anagwirizana ndi WHO ndi UNICEF, poliyo inali kupuwalitsa ana pafupifupi 350,000 pa caka m'maiko 125. Mu Ogasiti 2020 Africa inalengezedwa kuti yamasuka ku poliyo ya m'cilengedwe. Koma mu Febuluwale 2022 kunamveka kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka nayo, kacirombo kake kocokera ku Pakistan, ndipo ena anapezeka ku Tete. Ndico cifukwa cake caka cimeneco amai a kuno munaona anthu a katemera akubweranso pakhomo ndi timadontho tiwiri.

Tisabise mau

Sikuti zonse za m'makalabuwa ndi zoyamika. M'masiku a atsamunda makalabu otere m'matauni a Northern Rhodesia anali makamaka a Azungu, ndipo ngakhale lero, pamene eni ake ndi ana a dziko lino, munthu wosauka sangakwanitse umembala. Munthu amalowa mocita kuitanidwa ndi membala, ndipo copereka ca pa caka, cimene gawo lake limapita ku likulu ku America m'madola, pamodzi ndi mtengo wa cakudya ca m'hotela, ndi ndalama zimene mlimi angagulire matumba a feteleza. Iripo misonkhano imene mlendo amalankhula za njala anthu alikutafuna nkhuku, onse napukusa mitu ndi cisoni, naomba m'manja, mlungu wamawa nkubwera mlendo wina ndi nkhani ina. Ziriponso mphatso zoperekedwa cifukwa ca cithunzi. Ndipo tonse tidziwa zitsime zimene zinakumbidwa popanda kufunsa amai otunga madzi, mpope nkuthyoka patapita miyezi, osapezeka ndi mmodzi yemwe wodziwa kumene angagule citsulo cake. Kalabu yabwino imadziwika ndi kubwereranso pamalo patapita caka kudzaona ngati cinthu cija cikali kugwira nchito.

Komabe pali lamulo limodzi la a Lions limene ife tiona kuti makomiti athu onse ayenera kulilemba pa cikuto ca buku lao. Kalabu imasunga matumba awiri. Thumba loyamba ndi la zopereka za mamembala, ndipo ndilo limalipira mapepala, masitampa ndi zonse zoyendetsera kalabu. Thumba laciwiri ndi la ndalama zocokera kwa anthu akunja, kaya pa dansi, pa mpikisano, pa ulendo wa ndawala kapena pa mphatso. Ndalama za thumba laciwirili ziyenera kubwerera kwa anthu zonse, ndipo nkoletsedwa kugulira ngakhale botolo la zakumwa za mamembala. Ndi makalabu angati a kumidzi amene anafa cifukwa ndalama ya nkhuku za gulu inagula cakudya ca komiti? Atsogoleri naonso amasankhidwa caka ndi caka, nayamba nchito pa 1 Julai, kotero kuti palibe amene amamera mizu pampando.

Kalabu ya pansi pa mtengo

Acikulire a m'midzi adzakumbukira magulu omvetsera wailesi a alimi, a Radio Farm Forum, amene anayamba m'zaka za m'ma 1960. Gulu linali kukhala mozungulira wailesi imodzi pa tsiku loikika, kumvetsera phunziro, kukambirana, ndi kupangana cocita, ndipo mafunso ao anali kulembedwa ndi kutumizidwa kuti akayankhidwe. Pamenepo mlendo anali wailesi. Magulu amene anapindula ndi amene anapita kumunda kukayesa zimene anamva. Motero mwambo tikunenawu si wa m'hotela mokha ai. Makalabu a amai, makopaletivu, magulu a acinyamata, magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, makomiti a zaumoyo, onsewa amakumana kale. Cimene cimasowa kawirikawiri ndi nkhani yatsopano, ndipo msonkhano umathera pa kuitana maina ndi kukumbutsana ngongole.

Alendo oti muwaitane muli nao pafupi. Mlangizi wa zaulimi muitaneni mvula isanagwe, osati cimanga citafika m'ciuno. Wa ziweto muitaneni citopa cisanalowe m'khola. Namwino wa pa kiliniki, mphunzitsi wamkulu, wa zankhalango, onsewa ndi anchito a Boma amene kufikira anthu ndi mbali ya nchito yao, ndipo ambiri amakondwa kupeza gulu losonkhana kale. Pomuitana muuzeni funso limodzi limene likubvutani, kuti asabwere ndi nkhani ya pa msonkhano wa ku Lusaka. Mpempheni alankhule m'cilankhulo canu, mwacidule, ndipo nthawi yaikulu ikhale ya mafunso. Kwathu kuno timacita ulemu wopitirira: a mfumu alankhula, wapampando alankhula, kwaya iimba, ndipo pofika pa mlendo dzuwa lapendeka, amai alikuganiza za ndiwo. Pa mafunso napo pamangoimirira abambo awiri omwewo, pamene mai amene mwana wake ali ndi manthongo wakhala kumbuyo cete. Wapampando wanzeru amayamba ndi kumbuyoko.

Musaiwalenso kuti Helen Keller sanali dokotala. Anali mwini bvuto. Gogo amene anacitidwa opareshoni ya ng'ala nabwerera akuona angacotse mantha a anzake kuposa munthu wa jekete loyera. Munthu wosaona amene anaphunzira ku Magwero, akabwera ndi pepala lake la timadontho totukuka naliwerenga ndi zala pamaso pa gulu, makolo amene amabisa mwana wotere m'nyumba adzaganiza kawiri. Mai wodziwa kufutsa ndiwo bwino, mlimi amene nkhokwe yake siilowa anankafumbwe, naonso ndi alendo ngakhale acokera kuseri kwa dambo.

Cinthu cacikulu cicitike mlendo asanakwere njinga yake. Mlembi alembe m'buku cimene gulu lidzacita, dzina la wocita, ndi tsiku. Cikhale cinthu cimodzi cotheka, osati khumi. Pa msonkhano wotsatira nkhani yoyamba ikhale yofunsa ngati cacitika. Ndipo patapita miyezi itatu muitaneninso mlendo yemwe uja adzaone, cifukwa munthu amene waona kuti mau ake sanagwe pa thanthwe amabwera kaciwiri ndi mtima wonse, nthawi zina ndi mnzake.

Njira yopita ku makalabu a m'tauni nayonso ndi yotseguka kuposa mmene ambiri aganizira. Iwo amasowa alendo olankhula, ndipo mlembi wao amabvutika kudzaza mndandanda wa caka. Palibe coletsa wapampando wa kalabu ya kumudzi, kapena mphunzitsi wamkulu, kulemba kalata yopempha mphindi 20. Wopita kumeneko asapite ndi mau akuti tithandizeni ndife osauka, cifukwa amenewo awamva kambiri. Apite ndi manambala: mabanja angati amwa pa citsime cimodzi, mtunda wake ndi wotani, njerwa zingati zaumbidwa kale ndi kuochedwa, mcenga ndi miyala zatutidwa ndi yani, ndipo cikathyoka adzakonza ndani. Makalabuwa amakonda kutsiriza nyumba imene eni ake aifikitsa pa mawindo. A Rotary alinso ndi njira yakuti anthu a m'mudzi amene si mamembala apange gulu lao logwirizana ndi kalabu ya m'tauni, lochedwa Rotary Community Corps. Kwa a Lions, kalabu yatsopano imafuna anthu 20, koma nthambi ya kalabu ingayambe ndi anthu asanu, cimene ciri cotheka pa maboma ang'onoang'ono pamene pali aphunzitsi, anamwino ndi amalonda owerengeka.

Caka ciriconse Lacinai laciwiri la mwezi wa Okutobala ndi tsiku lokumbukira za maso pa dziko lonse, ndipo pa 15 Okutobala ndi tsiku la ndodo yoyera. Nthawi imeneyo kukolola kwatha, mvula siinayambe, miseu ikali youma. Kalabu imene ifuna kuyesa mwambowu ingayambe pamenepo: iitane wa zaumoyo wa pa kiliniki yapafupi adzakambe za maso, kenaka mamembala agawane midzi ndi kulemba maina a onse amene saona bwino, akulu ndi ana, ndi kupereka mndandandawo ku kiliniki kuti awayeze ndi kulembera makalata oyenera kupita ku Mwami kapena ku cipatala cacikulu ca Chipata. Si onse adzacira, popeza khungu lina, monga la mtsempha wa diso umene unafa kale, liribe mankhwala, ndipo ndi bwino kuwauza zimenezi poyamba. Powerengera ndalama ya ulendo muwerengere anthu awiri pa wodwala aliyense, cifukwa nkhalamba yosaona siingakwere basi yokha, ndipo womperekezayo adzafunika cakudya ca masiku awiri kapena atatu.